Anadula Masuku Kuti Abzale Mitengo

Loweruka ndinapita ku Bundabunda kukaona mlongo wanga Esnati. Ndinakumana naye panjira atasenza chigubu cha madzi, thukuta lili kamukamu, koma akulowera kuphiri, osati kunyumba.

"Madzi yapita kuti?" ndinamufunsa.

"Ku mbande za ba bungwe," anatero. "Anakamba ati mitengo ikafa, mjigo siubwela. Manje nichite bwanji?"

Ndinamutsatira, ndipo zomwe ndinaona zikundiwawabe mpaka lero. Paphiri lija panali timitengo ta masuku ndi mitondo, tophukira tokha pazitsa zomwe owotcha makala anasiya. Esnati amatolako masuku ndi bowa chakudya chikachepa m'nyumba. Timitengoto palibe anathirirapo madzi, ngakhale chaka cha chilala chija.

Tsono kunabwera anthu a bungwe lina ndi mapulani awo okonzekera kusintha kwa nyengo. Anayang'ana phirilo n'kunena kuti ndi tchire. Analamula kuti lilambulidwe kuti mbande zawo zikhale pamzere, ziwoneke bwino alendo akabwera kudzajambula. Anabzala mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mvula isanaganize n'komwe zobwera.

Mudzi wonse watsala ndi chitsime chimodzi, ndipo chimangotulutsa matope dzuwa likakwera. Repu wa kudimba kwa Esnati wauma. Mbuzi zake zimalira kukhola pamene iye akumwetsa timitengo tomwe sakudziwa ngakhale dzina lake.

Abale, kodi uku ndiye kuteteza chilengedwe? Inenso ndikudziwa kuti mvula yasintha ndipo tiyenera kukonzekera. Chikundikwiyitsa n'chakuti mapulani amaphikidwa ku Lusaka, m'zipinda zozizira, kenako amatulidwa pamutu pa mayi yemwe sanafunsidwe kanthu. Akadandaula, amamuopseza ndi mjigo. Madzi akumwa asanduka mphoto ya omvera, ngati switi ya mwana.

Ndipo mbandezo zikauma, mudzamva kuti anthu akumudzi ndi aulesi, safuna chitukuko. Odulitsa masuku aja adzakhala ali kuboma lina, akulambulitsa phiri lina.

Tikutsika, ndinaona chitsa cha msuku chitayambanso kuphukira pakati pa mizere. Esnati anayang'ana uku ndi uku, n'kuchiphimba ndi udzu wouma.

"Asacione," ananong'ona. "Azakamba ati sitinalimilile bwino."

Mlongo wanga akubisa mtengo kwa anthu oteteza mitengo. Inu a mapulani, manyazi mulibe?