Miyendo ya mdzukulu wanga pamapewa panga

Anthuni, izi sindikupeka ayi, ndinaziona ndi maso angawa, ndipo amene analipo tsiku limenelo kumunsi kwa phiri akadali moyo, kawafunseni, ngakhale ena a iwo akandiona pamsika wa Chitakale amayang'ana kumbali ngati m'maso mwawagwera kachitsotso. Ine sukulu ndinangoilawa, koma chimene ndinaona ndichinena, ndichinenanso, mpaka chimveke kuseri kwa minda ya tiyi.

Ndili ndi mdzukulu wamkazi amene ndinamulera ndekha mayi ake atatisiya iye akadali wa kumsana. Mwana ameneyu, iii, miyendo yake Mulungu anaiumba tsiku limene anali wosangalala! Tikapita kokatola nkhuni njira ya ku Chambe, ife tikupumabe potsetsereka, iye watsika kale, watula mtolo, wabwereranso kudzatilandira. Aphunzitsi ake a masewera atamuona anati alowe mpikisano wothamanga m'phiri, uja umachitika nthawi yozizira, wokwerera mbali ina n'kutsikira mbali ina. Iwo omwewo anandiuza kuti ndizimudyetsa bonongwe wambiri, ndizimufinyiranso bitiruti, chimbatata chofiira chija, akuti zimathandiza magazi kuyenda bwino. Ndiye ine ndinkasinja mumtondo, n'kufinya pakansalu, manja onse psuu, mwana n'kumwa.

Koma amalume ake, mwana wanga wamwamuna woyamba, sanazifune zimenezi. Ankati mtsikana sathamangathamanga m'phiri atavala kabudula, phirilo lili ndi eni ake, tsiku lina adzamutenga. Ena pamjigo ankanong'onezana kuti chimene ndimamwetsa mwanayo ndi magazi, ati nkhalamba ine ndamukhwimira. Magazi? Ogula pamsika dzuwa likuswa mtengo, mulu wake pambali pa tomato? Ine ndinkangoseka, ndinkati lankhulani, pakamwa ndi panu, miyendo ndi yake.

Tsiku la mpikisanolo kunacha ndi chiperoni, kenako kunayera, ndipo ife tinaima pachingwe pamene othamanga amathera, ng'oma za tchopa zikulira, anthu ngati nyerere. Tinadikira, tinadikira, mpaka wina anakuwa kuti mtsikana woyamba watulukira m'mitengo. Ndikayang'ana, ndi wanga! Matope mpaka m'mawondo, thukuta kamukamu, koma ndi wanga, wangawanga! Nthungululu ndinaimba ine inamveka mpaka ku Milonde, ndikukuuzani.

Tsono mawondo anga ndi akale, sindinathe kufika msanga. Amayi a m'mudzi mwathu ndi a kumpingo anandipitirira, n'kumugwira mwana atangodutsa chingwe, uyu kumukumbatira, uyu kumukulunga chitenje, uyu kumugwira mutu, monga timachitira mwana akatichotsa manyazi. Chinali chikondi, sindikunama, sinali nkhanza. Ine ndili chapatali ndinkaona mwana akuyesa kuponya mwendo kuti ayendebe, akuwakankha pang'ono, koma iwo anamuimika chilili pakati pawo ngati mtengo wa mbendera. Mmene ndimafika, nkhope yake inali mbuu, milomo yatuwa, maso atembenuka, ndipo mawondo anangopindika.

Anamukhazika tsonga atamutsamiritsa pamtengo, paja ife munthu akakomoka timatero, wina kumuthira madzi, wina kumuuzira m'makutu. Mutu unkangolendewera. Ndinagwira dzanja lake, lozizira, lonyowa. Kodi munagwirapo dzanja la mwana amene munamutafunira chinangwa ali wopanda mano, n'kulipeza lozizira choncho? Mayi wina anayamba kulira kwa maliro kuja, ena n'kulandira, ndipo wina anatenga chitenje chomwe chija anamukulunga nacho kuti amuphimbe kumaso. Amalume ake anafika, akuti kodi sanandiuze, eni phiri atenga chawo. Ndipo ndinamva mawu kumbuyo kwanga akuti taonani manja a agogowo, akadali ofiira.

Pamenepo china chake chinadzuka mwa ine. Ndinalanda chitenjecho n'kuchiponya uko, ndinawauza kuti amene ali ndi misozi yoti ataye akafune mtembo wake, pano palibe maliro, wanga sanafe, wanga safa lero. Mantha ndinali nawo, musaganize kuti ndinalibe, koma ndinati kulira sindilira, ndiimba. Ndinayamba nyimbo yanga yapamtondo, ija ndimaimba posinja bitiruti.

Anamwino amene anali mutenti pafupi anabwera akuthamanga, akukankha anthu, n'kulamula kuti mwana agonekedwe chagada msangamsanga. Amalume ake anakana, ati wogonekedwa choncho ndi wakufa, iwo aitana kale kabaza kuti apite naye kwa asing'anga odziwa za m'phiri. Ndinaima patsogolo pa mwana wanga wobereka ndekha, bambo wandevu zake, n'kumuuza kuti akafuna kunyamula mtsikanayu ayambe wanyamula ine. Anabwerera m'mbuyo.

Anamwino anamugoneka, anamvera kupuma kwake, kenako anayang'ana uku ndi uku kufuna choti atsamiritsepo miyendo kuti ikhale m'mwamba. Mpando panalibe, benchi panalibe. Ndiye ine ndinagwada pamatope pomwepo, n'kutenga miyendo ija n'kuisenza pamapewa panga, nsapato zake zamatope zili m'makutu mwangamu. Ndinamubereka kumsana ali khanda mutu uli m'mwamba, tsiku limenelo ndinamubereka chadodolido. Anamwino anamumanga kamakina pamkono, n'kunena kuti bipi yatsika kwambiri, ndisasunthe. Ndikanasuntha kupita kuti? Ndinangoimba, ndinaimba.

Kenako chidendene chinandigunda khutu. Ndinati kapena ndikulota, koma chinandigundanso, ndipo nditayang'ana pansi ndinaona milomo ikubwerera mtundu wake, maso akuphethira. Mukudziwa chimene anafunsa poyamba? Sanafunse madzi, sanafunse kuti ali kuti, anafunsa ngati mtsikana amene anali kumbuyo kwake anamupitirira! Ndinaseka mpaka misozi, eee, misozi inabwera pamenepo, ya chimwemwe, osati ija amafuna anthu aja.

Anapita nayebe kuchipatala kukamuyeza mtima, n'kupeza uli bwino. Kumeneko anamwino aja anandikhazika pansi n'kundifotokozera bwinobwino. Akuti munthu akamathamanga mwamphamvu mtima umapopa kwambiri ndipo bipi imakwera, ndiye mitsempha ya magazi imatulutsa kampweya kake, dzina lake naitiriki okusaidi, kamene kamaifewetsa kuti itseguke, magazi adutse ambiri kupita kumiyendo, monga timakulitsira ngalande kudimba madzi akachuluka. Bonongwe ndi bitiruti akuti zimathandizako thupi kupanga kampweya kameneka, za magazi a ufiti palibe. Tsono pothamanga, minofu ya miyendo ndiyo imafinya magazi aja kuti abwerere kumtima. Munthu mukamuimika mwadzidzidzi, ngalande zikadali zotseguka koma wofinya wasiya ntchito, magazi amangodikha kumiyendo, bipi n'kugwa, kumutu osafikako kanthu. Ndiye ife pomukhazika tsonga tinkawonjezera vuto, magazi akanakwera bwanji phiri lachiwiri atatopa kale?

Titabwerera kumudzi amalume ake anati basi, kuthamanga kwatha. Ine ndinati kwatha kwa ndani? Ndinawafotokozera za ngalande zija, iwo anangoti pakamwa pa amayi sapatha. Mwini wake miyendo anati adzathamanganso, ndipo chaka chotsatira anathamangadi. Ine ndinafika pachingwe m'mamawa nditanyamula munsi wanga wosinjira bitiruti, wofiira kumutu, n'kuupingasa patsogolo pa amayi onse. Mwana atadutsa chingwe palibe anamukhudza. Anayenda, anayenda, manja m'chiuno, mpaka mpweya unabwerera, ndipo amene ankayenda pambali pake atanyamula botolo la madzi anali amalume ake omwe aja, nkhope ili pansi. Atatha kuyenda ndinatsitsa munsi, ndipo tinavina tchopa mpaka fumbi koboo.

Za eni phiri sinditsutsa, phiri ndimalilemekeza, ndinabadwira m'munsi mwake. Koma chimene ndikhulupirira lero n'chakuti tsiku lija phiri linatibwezera mwana wathu wamoyo, amene tinatsala pang'ono kumuphimba chitenje akupuma ndife tomwe, ndi manja athu achikondi. Ndiye inu amene muli ndi ana othamanga, imbani nthungululu mmene mungathere, koma manja anu asunge chitenje, musiyeni mwana ayende kaye. Akagwa, musamukhazike tsonga, mugonekeni, kwezani miyendo, ndipo itanani a chipatala msanga, pakuti anamwino anandichenjeza kuti ena amagwa chifukwa cha mtima kapena kutentha thupi, zimenezo miyendo yokha siingathetse. Ndipo mukasowa pokweza miyendoyo, mundifunefune pachingwe, ndimakhala pomwepo ndi munsi wanga, mapewa anga akadalipo.