Zibenthu za Njerwa za Malita

Malita, mng'ono wanga, anatchuka dera lonse la Mwambo chifukwa cha zibenthu za njerwa.

Sikimu ya mpunga itayamba kuthira feteleza, madzi a pachitsime chathu anasintha. Ukatunga lero, pakapita masiku ochepa mumgolo mwabiriwira ndi ndere. Malita ankanyansidwa msanga kuyambira ali mwana, choncho anaphwanya njerwa zotsala pa tchalitchi, nkuziika mumphika woboola pansi kuti azisefera madzi. Mgolo wake unasiya kubiriwira.

A Jafeti, alangizi a zaulimi, anafotokoza kuti mu feteleza muli mchere wotchedwa fosifeti umene umanenepetsa ndere, ndipo njerwa yofiira imaugwira. Kuchokera tsikulo ankamutchula kuti "mayi wa sayansi". Malita anayamba kumanga duku mopendeketsa.

Koma njerwa zimakhuta. Pakatha milungu itatu zinkaleka kugwira, ndipo zotsala pa tchalitchi zinatha. Tsiku lina ndinataya chidulo chotsala pophika therere pa zibenthu zakale, madzi aja odontha m'phulusa la zitsononkho. Nditazitsukuluza, zinayambanso kugwira. Kwa zaka ziwiri ine ndimene ndinkatola zitsononkho, kuotcha, kudontheza ndi kutsuka, mpaka zala zinang'ambika. Malita ankangobwera kudzatenga.

"Achemwali, zauma?"

Mu 1977 a Jafeti anabweretsa alendo a ku Zomba oti alembe nkhaniyi m'kapepala ka alimi. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: dzina langa likhalemo. Ndinaima kumbuyo, pafupi ndi nkhokwe.

Malita anafotokoza bwino, sindinganame. Kenako mlendo wina wa magalasi anati, "Mayi, tationetsani mmene mumatsukira."

Malita anapala phulusa la pamoto wa dzulo, la mapesi ndi zinyalala, nkuthira madzi. Anadontha madzi otuwa. Amayi onse anayang'anana.

"Chidulo chimenecho ngakhale therere lingakuseke," anatero a Falida, oyandikana nafe nyumba. "Talawa!"

Malita analawa. Sichinalume lilime. Anandiyang'ana, duku litatsetsereka. Ndinali ndi botolo lodzaza chidulo m'nyumba, koma ndinayamba ndathyola kaudzu ka pankhokwe nkumakapotokola. Ndinamusiya aime choncho kwa kanthawi, ndipo zinandikomera.

"Chidulocho amakonza ndi achemwali anga," anatero motsitsa mawu. "Kutsuka konse ndi iwowo."

Ndinakatenga botolo. Ndinatsuka zibenthuzo pamaso pa onse, mlendo uja akulemba mofulumira. Sanandifunse dzina, ine ndinaganiza kuti a Jafeti amuuza.

Kapepala kanabwera patatha miyezi itatu. Malita anathamanga nako, akuwefuka.

"Achemwali, mwalowamo!"

Anandilozera ndi chala. Panalembedwa kuti: "Mayi Malita, mothandizidwa ndi mbale wawo."

Dzina langa ndi Alefa. Zibenthu za sabata imeneyo Malita anatsuka yekha.