Makapu anayi a masitiroberi

Ndisanapite ku Doha ndinagulitsa masitiroberi zaka zambiri pamsewu wokwera phiri la Zomba. Choncho madamu amene ndinkawagwirira ntchito ku Al Khulaifat atanena kuti akufuna kundiyesa kukhitchini, ndinadziguguda pachifuwa. Ndinali nditatopa ndi kutsuka zimbudzi zisanu tsiku ndi tsiku, ndipo khitchiniyo ndinkaifuna ndi mtima wonse.

Mayeso ake anali kuphika jamu. Buku lawo linkafuna magalamu 600 a masitiroberi, koma sikelo inali itatha batire. Madamu anayang'ana pafoni.

"Ndi makapu anayi. Yalla, fulumira," anatero, n'kutuluka.

Ndinayeza makapu anayi okongola, lililonse ndi kamulu kake pamwamba. Ndinathira shuga monga linanenera buku, n'kutereka. Jamu anatuluka wolimba ngati phula, wotsekemera mopweteka mano. Supuni inaimirira yokha m'botolo.

Madamu anabwera ndi batire latsopano.

"Yeza kapu imodzi monga unayezera muja," anatero.

Ndinayeza iwo akuyang'ana, ndipo apa m'pamene ndinaona zimene manja anga ankachita. Awiri akuluakulu pansi, mopingasa, kuti pakati pakhale mphako. Ofiira bwino pamwamba. Kapu osaigwedeza ngakhale pang'ono. Sindinawatume manjawo, anazolowera okha. Sikelo inalephera kufika ndi pa 100 pomwe, pamene panafunika 150.

"Enawo wadya?" anafunsa madamu.

"Sindinadye, madamu. Kwathu ndinali wogulitsa."

Nditawaonetsa mphako ija anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anaimbira mng'ono wawo kuti nayenso aseke. Ine manyazi anandigwira, ndipo sikeloyo ndinkafuna kuiponya pawindo.

"Tsopano yeza ngati wogula ndiwe," anatero akupukuta misozi.

Ndinawadula pakati, kugwedeza kapu, kukanikiza ndi chala, kuwonjezera awiri a basela. Sikelo inapitirira 150. Madamu anati pakati pa akuba awiriwo pali muyeso woona, ndiufunefune. Khitchini ndinaipeza tsiku lomwelo.

Koma ndikamatsuka kapu ija ndimakumbukira mayi wina, mphunzitsi, amene ankagula kwa ine Loweruka lililonse, osanenerera mtengo. Ankadandaula kuti jamu wake amalimba nthawi zonse, mwina iye sadziwa kuphika. Ine ndinkamuuza kuti asataye mtima, agule mbale ina akayesenso.