Yankho limene ndinakonzera wapolisi

Chaka chathu chachitatu ku Salford, amuna anga anagwidwa ndi matenda a zipolopolo. Anawapatsira ndi mzungu wina amene ankasanja naye katundu m'sitolo. Mzunguyo Loweruka lililonse ankapita kufamu ya mlamu wake kukaombera nkhandwe zogwira ana a nkhosa. Anawatengako kawiri kokha, basi mtendere m'nyumba mwanga unathera pomwepo.

Ine ndinkaweruka kuchipatala miyendo itatupa, ndikungofuna tiyi ndi kukhala phee. Ndikalowa ndinkapeza tebulo lodyera ladzaza mabuku, kasikelo koyezera onga, ndi timakoko ta zipolopolo topanda kanthu titandandalikidwa ngati ana a kwaya. Mfuti yeniyeniyo analibe chifukwa chiphaso chinali chisanatuluke, koma kusankha chipolopolo kokha kunawatengera miyezi inayi.

"Mayi, tamverani. Mfuti ya Hornet imadya onga pang'ono ndipo siisokosa, koma nkhandwe ikakhala patali mphepo imakankha chipolopolo. Ya .223 makoko ake sasowa. Koma .222, ukamadzaza onga wekha bwinobwino..."

"Nanga nkhandweyo tidzadya?"

"Nkhandwe sadya, mayi."

Pamenepo m'pamene pankandiwawa. Kwathu munthu akapita kosaka amabwerako ndi ndiwo. Awa ankafuna kukazizidwa m'matope tsiku lonse n'kubwera chimanjamanja, nsapato zawo n'kundidetsera kapeti. Komanso ine ndine namwino, ndinaonapo zimene chipolopolo chimachita m'thupi la munthu, ndipo mfuti m'nyumba ya ana sindinkaifuna ngakhale pang'ono. Kuwauza ndinawauza. Iwo anangogula kabati yachitsulo yosungiramo mfuti n'kuikhomerera kukhoma, pamalo pamene ndinkaika masutikesi anga.

Mnzanga wina wa kutchalitchi anandinong'oneza kuti wapolisi akabwera kudzayendera kabati chiphaso chisanatuluke, nthawi zina amafunsanso mkazi ngati zikumusangalatsa. Ndinati chabwino, tikaonana komweko. Yankho langa ndinalikonzeratu m'Chingerezi chosalala, ndikumaliyeserera m'basi popita kuntchito.

Wapolisiyo anabwera masana kukugwa mvula, bambo waimvi, wofatsa. Ndinamupatsa tiyi. Anagwedeza kabati, anawerenga kalata ya mwini famu, kenako anafunsa amuna anga chifukwa chake anasankha .222.

Amuna anga anaimirira. Anatenga pensulo n'kujambula mzere wokhota kuseri kwa pepala la homuweki ya mwana, kusonyeza mmene chipolopolo chimatsikira chikamapita patali. Anafotokoza za liwiro, kulemera kwake, mphepo, ndi chifukwa chake onga wochulukirapo pang'ono chabe ndi woopsa, dzanja lamanzere atalipinda kumsana. Mawu amenewo ndinali nditawaiwala. Kumudzi anaphunzitsa fizikisi kusekondale zaka khumi ndi ziwiri. Kuno anabwera motsatira ntchito yanga, ndipo zaka zitatu zonsezo palibe amene anawafunsapo kanthu kupatula komwe kuli zitini za nyemba. Wapolisi uja anasiya kulemba, tiyi n'kumazizira, mpaka anafunsa funso lachiwiri, kenako lachitatu.

Atamaliza anatembenukira kwa ine. "And you're happy with all this, love?"

Amuna anga sanandiyang'ane. Ankapukuta zala pathalauza ngati zili ndi choko.

"He is very careful," ndinatero.

Mtima unandipsa, koma wopsera ndekha. Chingerezi chonse cha m'basi chija chinapita pachabe, ndipo mfutiyo ndinali ndikuiopabe monga kale.

Wapolisi atachoka, amuna anga anati chapansipansi, "Zikomo, mayi."

"Zikomo wa chiyani? Tachotsani zinthuzi patebulo, anawa afuna kudya."

Sanachotse. Anandikokera mpando kuti andionetse pamene wapolisi uja sanamvetse bwino, ndipo ine, chitsiru, ndinakhala pansi.