Nkhunda Ziwiri za Jivi

Fodya wa bale akauma m'chigafa amakhala ndi fungo lake lokanda kukhosi, lotsekemera pang'ono, lomwe limakakamira m'tsitsi ndi m'zovala ngakhale uchape katatu. Anthu ambiri kwathu akalimva amaganiza za ku okushoni. Ine ndimakumbukira zala zanga zothimbirira ndi jivi, mankhwala apepo aja opaka pa zilonda, ndi nyengo yozizira ya chaka chimene ndinali mu Sitandade 5 kwathu kwa Kaomba. Nyengo imeneyo sindiikonda, koma imakana kundichoka.

Abambo anali atatha miyezi yambiri osagona pakhomo. Anali kalaliki pa esiteti ina ya fodya cha ku Kapelula, ntchito yolemba makilo ndi manambala a mabelo. Poyamba ankabwera kumapeto kwa mwezi uliwonse, kenako mwa apo ndi apo, kenako zii. Ndikafunsa, amayi ankangoti ntchito yawachulukira. Tinatsala awiri, ine ndi amayi, ndi kamunda ka fodya komwe amayi ankalimbana nako okha. Chimene ndinkafuna pa dziko lonse chinali chimodzi, choti abambo akumbukire kuti ali ndi mwana.

Zodinda ndinaziyamba chifukwa chosakhazikika manja. Tsiku lina ahedi anandituma kukasesa mu ofesi mwawo, ndipo patebulo ndinapeza chidindo cha sukulu, chija chimapatsa pepala ulemu. Ndinachitembenuza. Pansi pake panali labala chabe, zilembo zake zitayang'ana cham'mbuyo. Ndinadabwa kuti kanthu koopedwa chonchi n'kopangidwa ndi zofanana ndi zimene timapondera fumbi. Nditafika kunyumba ndinatola patapata wakale wa amayi woduka chingwe, ndinatenga lezala osapempha, n'kuyamba kusema. Nyenyezi yanga yoyamba inaoneka ngati chule woponderezedwa ndi ngolo. Yachitatu inali nyenyezi ndithu. Ndinaika kachidutswa ka siponji ya matiresi m'kachitini ka polishi, n'kudonthezamo jivi yotsala m'kabotolo. Mapepala ndinkapempha makalendala akale kusitolo yogulitsa feteleza, popeza kuseri kwake kumakhala koyera.

Pa Isitala ndinapanga khadi labwino kuposa onse, la nyenyezi zitatu ndi tsamba la fodya pakati. M'kati ndinalembamo kuti ndine mwana wanu Esinati, ngati kuti akanandisokoneza ndi wina. Ndinapatsira dalaivala wa lole yonyamula mabelo, ndipo ndinadikira.

Abambo anabwera mu Juni, mphepo ya mwera ikuulutsa fumbi ndi makoko a chimanga pabwalo. Anafika masana pa njinga yatsopano, atavala jekete lomwe sindinaliwonepo. M'nyumba sanalowe. Anakhala pampando pakhonde, ndipo amayi anawalonjera atagwada chapatali, monga amalonjerera alendo. Izo ine sindinalabadire. Maso anga anali pa thumba la malaya awo, pomwe panasuzumira khadi langa lija.

"Iwe Esinati, ichi unapanga wekha?" anatero akulitulutsa.

"Eya, bambo."

"Luso limeneli watengera ine. Tsono ndikufuna undipangire makhadi sikisite. Pamwamba uikepo nkhunda ziwiri zoyang'anizana. M'kati usalembemo kanthu, ndikalemba ndekha. Upangenso timapepala tomangirira pa mphatso. Kutchalitchi kwathu kuli chisangalalo mwezi wamawa."

"Ine ndidzapita nawo?"

"Mwini makhadi angatsale bwanji? Ndidzabwera kudzakutenga."

Pa kaliyala wa njinga anamasula mpukutu wa mapepala oyera okhuthala ndi mabotolo awiri a jivi. Anabwera atakonzeka kale, asanamve n'komwe yankho langa. Amayi ankangothyolathyola kamtengo kamene anatola pansi. Dzuwa lisanapendeke abambo anali atapita, koma ine mapazi anga sankagunda pansi.

Masabata atatu otsatirawo ndiwo anali okoma kuposa ena onse a ubwana wanga, ndipo n'chifukwa chake amandiwawa. Ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira m'chigafa. Amayi ankakhala pamphasa kusankha fodya, tsamba lalitali uku, long'ambika uko, lofiira palokha, ine pambali pawo ndi patapata wanga. Nkhunda si nyenyezi, imafuna khosi ndi mlomo ndi phiko. Ndinawononga patapata yense woyamba, amayi n'kundipatsa mnzake wotsala. Ndikumaliza nkhunda ya kumanzere, lezala linaterereka, linadula nsonga ya phiko n'kulowa m'chala changa. Magazi anadontha pa labala. Amayi anandipaka jivi yomweyo ya makhadi, n'kundimanga ndi kansalu. Ndinalira chifukwa cha phiko, osati chala. Labala wina panalibe, choncho nkhunda imeneyo inatsala yoduka phiko pa makhadi onse.

Kudula mapepala kunandikanika. Sizasi inkandipotokera, khadi lililonse linkatuluka mbali ina yaitali. Amayi anandiyang'ana kwa kanthawi, anapukuta manja awo omata phula la fodya pa chitenje, n'kundilanda sizasi ija. Anadula onse sikisite, limodzilimodzi, moongoka ngati mizere ya nazale. Popinda ankakhwimitsa mzere ndi kuseri kwa supuni. Ine ndinkaviika chidindo m'kachitini, kuchikanikiza ndi chikhatho, kuwerenga mpaka faifi, n'kuchinyamula pang'onopang'ono kuti jivi isayenderere. Makhadi tinkawayanika pa ndodo zopachikapo fodya, ndipo mphepo ikalowa nkhunda zonse zinkagwedezeka pamwamba pa mitu yathu.

Timapepala ta mphatso ndinatidula pa pepala la khaki lija amayala m'chiguduli pomanga belo. Ndinkaboola ndi msomali, kulowetsa ulusi wosokera mabelo, n'kudindapo kanyenyezi. Ndinkagwira ntchito ndikuimba. Kusukulu ndinasimbira aliyense, mpaka anzanga anatopa nane, kuti abambo anga adzanditenga pa njinga. Mumtima ndinali nditakonza kale nkhani yonse. Anthu adzafunsa kuti wapanga ndani, abambo adzandiloza, ndipo pobwerera sadzangonditula pamsewu, adzalowa m'nyumba.

Abambo sanabwere okha kudzatenga makhadi, anatuma wantchito wa pa esiteti. Ndinawakulunga m'pepala la pulasitiki, n'kumuuza munthuyo kawiri kuti asawakhalire.

Patatha sabata amayi anandituma kuchigayo. Mzere unali wautali, injini ikugunda, ufa ukuuluka n'kutiyeretsa nsidze. Patsogolo panga panali mayi wina wachilendo, wonenepa, yemwe anabwera kudzacheza kwa abale ake. Anatulutsa kanthu m'chikwama n'kumaonetsa mnzake. Ndinaona pepo, ndinaona nkhunda ziwiri, ya kumanzere yoduka phiko. Mtima unadumpha ndi chimwemwe. Ndinasendera pafupi kuti ndimve akuyamikira.

"Taonani luso, amwali," anatero mayiyo mokweza kuti apose injini. "Akuti wapanga ndi mng'ono wake wa mkwatibwi. Banja limenelija ndi la manja abwino."

Anatsegula khadilo, ndipo ndinawerenga modutsa pa phewa lake. Zilembo zinali za abambo, zopendekera bwino, za ukalaliki. Ankaitana anthu ku ukwati woyera wa iwo ndi mayi wina dzina lake Felesita. Ndinawerenga kawiri. Zala zanga zinali zikadali zapepo mpaka m'zikhadabo, ndipo ndinazibisa m'khwapa ngati kuti ndine ndaba. Ndinagayitsa chimanga, ndinasenza, n'kubwerera kunyumba.

Amayi ndinawapeza m'chigafa momwe ndinawasiya. Ndinatula ufa pansi mwamphamvu.

"Amayi, mumadziwa?"

Sanafunse kuti chiyani. Anaika tsamba pa mulu wake, n'kunena kuti, "Ndimadziwa. Ankhoswe anakumana mvula isanagwe. Ukwati wathu unatha kale, mwana wanga."

"Ndiye munadulanso mapepala aja bwanji?"

"Unkadula mokhota," anatero, n'kutola tsamba lina.

Ndinadana nawo tsiku limenelo, ndinene mosabisa. Ndinadana nawo kuposa abambo, chifukwa iwo ndiwo anali pafupi. Ndinaona kuti akuluakulu onse anapangana kundiseweretsa, wina kubweretsa jivi, wina kugwira sizasi, ine n'kumaimba pakati pawo ngati chitsiru. Masiku atatu sindinawayankhule.

Koma chimene chimandichititsa manyazi kwambiri ndi ichi. Loweruka la ukwatiwo ndinadzuka m'mawa, ndinasamba madzi ozizira, ndinavala diresi langa la kutchalitchi, n'kukakhala pa chitsa cha m'mbali mwa msewu. Abambo anali atalonjeza. Ndinkadziwa zonse, komabe ndinkati mwina adzabwera, mwina adzandiimika pamaso pa anthu n'kukonza bodza lija. Ndikanakwera njingayo, ndikanapita kukaombera m'manja mkazi amene analanda malo a amayi anga, bola abambo anene kuti makhadi anapanga ndi mwana wawo. Panadutsa ngolo, malole awiri a fodya, ndi anthu opita kumsika. Dzuwa litafika pamutu amayi anabwera ndi mbatata yowotcha, anaiika pambali panga, n'kubwerera osandiitana. Ndinakhala pomwepo mpaka mithunzi inatalika. Pobwerera ndinalowa m'chigafa, ndinatenga chidindo cha nkhunda n'kukachiponya m'chimbudzi.

Abambo alipo, akalamba. Masiku ano akamacheza ndi anthu amakonda kunena kuti mwana wawo wamkulu anali waluso kuyambira ali wamng'ono, kuti ankapanga makhadi ndi patapata. Amanena monyada, ndipo ndikuganiza kuti amakhulupiriradi kuti imeneyi ndi nkhani yokoma. Za mng'ono wa mkwatibwi anaiwala. Ine ndimawatumizira sopo ndi shuga monga mwana ayenera kuchitira, koma khadi sindinawapatsenso ngakhale limodzi.

Amayi anamwalira ndili ndi ana anga kale, ndipo nkhaniyi sitinaikambenso. Ndili mwana ndinkati anandipereka, popeza mawu amodzi okha akanandipulumutsa ku manyazi a kuchigayo. Mwina akanatero ndithu, ndipo pena ndimawakwiyirabe. Koma tsopano ndafika pa msinkhu umene iwo anali nawo, ndipo ndimadziwa chimene anamva pakhonde paja zitangotchulidwa nkhunda ziwiri zoyang'anizana. Kwa nthawi yoyamba bambo anali atapempha kanthu kwa mwana wake, ndipo mwanayo ankaimba. Analibe china choti andipatse choposa masabata atatu amenewo, choncho anakhala pamphasa n'kudula makhadi oitanira anthu ku ukwati wa mwamuna wawo. Chipsera cha lezala chikadali pa chala changa, ndipo ndikachiyang'ana sindiona nkhunda. Ndimaona manja a amayi akukhwimitsa mzere ndi kuseri kwa supuni, kasikisite, osakhotetsa ngakhale kamodzi.