Basi ya Roy Inaima pa Chamboli

Amayi anga aang'ono, ba Lorna, amagwira ntchito imene anthu a mu Chamboli, komboni yathu, sanaimvetsebe. Ena amati ndi a mabanki, ena amati amangosewera pa laputopu. Ine ndinamaliza giredi thwelofu chaka chatha, nthawi ndili nayo yambiri, choncho ndaiona bwino ntchitoyo ndipo ndikufuna idziwike.

Opanga magemu amakhala ndi tizida tofufuzira pamene gemu yalakwika. Masiku ano tizidato timagwiritsidwanso ntchito ndi AI, mapulogalamu aja oganiza okha. Koma AI siona chida. Imangowerenga mawu ochifotokoza, n'kuchita zimene yawerengazo basi. Ba Lorna amawerenga mawu amenewo n'kupereka mamakisi: kodi akunena chimene chidacho chimachita, nthawi yochigwiritsa ntchito, ndi chimene chimatsalira ukamaliza? Kale anali kalaliki m'sitolo ya zipangizo za kumgodi. Amati ntchito ndi yomweyo, kungoti tsopano safunika kuthamangira minibasi ya sikisi koloko.

Lachitatu lina kunabwera Roy, mnzawo wa kukwaya ya kutchalitchi. Roy anapanga gemu ya minibasi yothamangitsana kuchoka ku Chamboli kupita ku tauni, ndi chida choimitsa gemuyo kuti uone pamene basi yakodwa. Lachisanu amayenera kutumiza chidacho kwa osankha zida zoti AI izigwiritsa ntchito. Chikakanidwa, kudikira miyezi itatu.

"Tandionerako, mlongo. Mawu ofotokoza chidachi ndi mizere faifi chabe."

Ba Lorna anawerenga kawiri. "Zikuoneka bwino. Koma tiyeni kwa atate."

"Awe, ba Lorna! Mdala uja ngakhale foni amaimbiridwa ndi ana."

"Ndiye chifukwa chake."

Iyi ndiyo njira yawo. Mawu alionse asanawapatse mamakisi amawawerengera atate awo, agogo Fanwell, amene anagwira ntchito pansi pa mgodi zaka twente seveni. Agogo sadziwa za kompyuta, ndiye sangadzazire okha pamene wolemba wasiya. Amamva zolembedwa zokhazo, monga AI.

Tinawapeza pansi pa mtengo wa mapeyala akukonza tcheni cha njinga. Ba Lorna anamasulira mzere ndi mzere. Chidachi chimaimitsa gemu. Chimaonetsa pamene basi ili, liwiro lake, ndi chimene yagunda.

Agogo anapukuta manja. "Yaima. Nanga woiyambitsanso ndani?"

"Ah, zimenezo n'zodziwikiratu, atate," anatero Roy akuseka. "Pali lamulo lina loiyendetsanso."

"Lalembedwa pati?"

Roy anayang'ana pa laputopu, natsitsa, nakweza.

Agogo anati, "Mwaiche, mwana iwe, kumgodi ukazimitsa makina kuti ukonze, umakhoma loko yako ndi kachikwangwani ka dzina lako. Wochotsa ndiwe wemwe. Tsiku lina mnzathu Kingsford anakhoma lamba wonyamula miyala, anakonza bwinobwino, n'kukwera kumwamba kiyi ali m'thumba. Shifiti yonse inakhala pansi kuyang'ana lamba wabwinobwino. Palibe anaukhudza. Anakam'tenga kunyumba ali m'bafa, sopo kumutu."

Tinaseka, koma ba Lorna anali atatsegula kale gemu ija. Anapatsa AI mawu a Roy osasintha kalikonse, naiuza kuti ipeze chifukwa chimene basi imakodwera pa mlatho. AI inaimitsa gemu, inayang'ana, kenako inadikira kuti basi iyende. Inayang'ananso. Basi ili pompo. Inayang'ana kachitatu, n'kulemba kuti gemu yafa, basi siyenda konse.

"Yanama! Gemu yanga ndi yamoyo!"

"Sinaname," anatero ba Lorna. "Mwakwera kumwamba ndi kiyi m'thumba, ba Roy."

Roy anakhala pa chitini cha penti, laputopu pamaondo. Anawonjezera mizere iwiri: gemu imakhala yoima mpaka utapereka lamulo loiyendetsanso, ndipo dzina la lamulolo ndi ili. Anayesanso. AI inaimitsa, inayang'ana, inayendetsa, inaimitsanso patsogolo pang'ono, n'kupeza kuti tayala limalowa m'kampata ka m'mphepete mwa mlatho. Roy anali atasaka kampatako masabata awiri.

"Ndiye teni pa teni?"

"Eyiti."

"Eyiti! Ine amene ndimakusungirani malo kukwaya?"

"Simunanene zimene chidachi chimachita ngati gemu siinatsegulidwe. Muli ndi mawa lonse."

Lachisanu Roy anatumiza chidacho, ndipo patapita sabata chinalandiridwa. Roy anabweretsera agogo tcheni chatsopano cha njinga. Agogo anachiyang'ana, nafunsa ngati chili ndi pepala la malangizo.

Ba Lorna akadali pa thebulo lawo la pafupi ndi zenera, tiyi akuzizira pambali. Dzulo ndinawafunsa ngati satopa kuwerenga mawu a zida zimene sanapange iwo. Anati ayi, amakonda pamene basi iyambanso kuyenda. Kenako anandituma ndikaitane agogo, kunali mizere ina sikisi yochokera ku Ndola.