Makapu Anayi a Khofi Popita ku Leeds

Ndinanyamuka ku Middlesbrough Lachiwiri m'mawa, nditavala jekete yobwereka kwa Mayi Gondwe a kutchalitchi kwathu. Ndi iwowo anandipezera mwayi wokayesedwa ntchito pa kashopu ka khofi ku Leeds. Chilolezo chogwira ntchito ndinali nditangochilandira patatha zaka ndikudikira, ndiye mwayiwu sindinkafuna kuti undipulumuke. Vuto linali limodzi: khofi sindinkamudziwa. Ine ndi wa tiyi wothira shuga masupuni atatu.

"Mukaphunzira m'njira, asisi," anatero Mayi Gondwe.

Pafupi ndi siteshoni pali malo ogulitsa mabaga ndi tchipisi. Pawindo anamata chithunzi cha kapu yathovu chachikulu kuposa cha baga, ati khofi wa akatswiri. Nditalowa, mtsikana wogulitsa anangodina batani, makina n'kulira, kapu n'kudzaza. Mapaundi awiri. Ndinamwa ndikukwinya nkhope ngati ndikumwa kwinini.

M'sitima ndinakhala ndi bambo wina wa ku Zambia amene anandimva ndikuyankhula pafoni. Nditawafotokozera za ulendo wanga, anaseka.

"Mlongo wanga, osakamba kuti ni wowawa. Muzikamba kuti mumvela vipaso. Azungu amakondwela."

Ku York ndinatsika kuti ndisinthe sitima, ndipo ndinalowa m'kashopu ka khofi kenikeni. Mnyamata wandevu anayeza khofiyo pasikelo ngati mankhwala, n'kumathira madzi pang'onopang'ono mpaka ndinayamba kuopa kuti sitima indisiya. Mtengo unali wowirikiza. Ataona kapu ya kumabaga ili m'thumba la chikwama changa, anapukusa mutu.

"Anthu amenewo atitha," anatero. "Ife sitikazinga tchipisi. Iwo akufuna chiyani kwathu?"

Ndinamwa. Zipatso sindinazimve, koma mtima unayamba kuthamanga.

Ku Leeds ndinafika nthawi ikadalipo, ndiye ndinawonjezera kapu yachitatu kuti ndizolowere. Mmene ndinkalowa m'kashopu kokayesedwa ntchito kaja, khofi anali atandilowa m'mutu, pakamwa posatsekeka. Mwini wake, mayi wachikulire wa tsitsi la imvi dzina lake Maureen, anangofunsa ngati ndayenda bwino. Ine ndinawauza za sitima, za jekete, za mvula ya kwathu ku Thyolo, zonse osapuma.

Kenako anaika makapu awiri patebulo. Analoza tsidya la msewu, kumene anthu anali pamzere pa malo ena a mabaga.

"Ina ndi yanga, ina ndagula uko. Yabwino ndi iti?"

Ndinalawa yoyamba, ndinalawa yachiwiri. Zonse zinali zowawa. Ndinakumbuka bambo a ku Zambia aja, n'kuloza yakumanzere molimba mtima.

"Iyi. Ndikumvamo zipatso."

Mayi Maureen anatenga kapuyo, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Imeneyi ndi ya kumabaga."

Ndinayamba kuganiza za mmene ndikawafotokozere Mayi Gondwe. Poti zinali zitawonongeka kale, ndinangonena zoona, kuti khofi ndayamba kumwa lero lomwe, ndipo amene ndalozayu ndi wachinayi.

Mayiwo anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Mwamuna wanganso anasankha yomweyo, ndipo sindinamuthamangitse," anatero. "Khofi ndikuphunzitsa. Chimene alibe tsidya ilo ndi munthu wocheza ndi makasitomala, ndipo iwe pakamwa uli napo. Ubwere Lolemba."

Sindinawauze kuti masiku ena onse ndine munthu wofatsa, kuti wolongolola uja anali khofi.

Pobwerera ndinakhala pawindo, miyendo ikuvinabe yokha. Ndinaphunzira kuti amabaga ali ndi makina, amashopu ang'ono ali ndi masikelo, ndipo onse akulimbirana lilime la munthu ngati ine, losadziwa kusiyanitsa. Ndinaimbira Mayi Gondwe.

"Ntchito ndaipeza, amayi. Koma kuti isandithere, ndizimwa makapu anayi m'mawa uliwonse."